Lewes: tauni yomwe imauza alendo kuti asabwere ku chikondwerero chake

Matauni ambiri padziko lapansi amawononga ndalama zankhaninkhani poitanira alendo ku zikondwerero zawo. Tauni ya Lewes, yomwe ili kummwera chakummawa kwa England, imachita zosiyana ndi zimenezi. Chaka chilichonse mwezi wa Novembala ukamayandikira, apolisi a m'chigawo cha Sussex, ozimitsa moto, a maambulansi ndi makhonsolo amatulutsa uthenga umodzi: ngati simukhala ku Lewes, musabwere pa 5 Novembala. Tsikulo likafika, misewu yolowera m'tauniyi imatsekedwa chakumadzulo, ndipo sitima zapamtunda zimangodutsa osaima.

Chifukwa chake ndi moto. Usiku wa pa 5 Novembala anthu a ku Lewes amayenda pamdipiti m'misewu atanyamula miuni ndi mitanda yoyaka, akukoka migolo ya phula lolilima, kenaka n'kukasonkha zimoto zikuluzikulu ndi kuphulitsa makombola m'mphepete mwa tauni. Tauniyi ili ndi anthu pafupifupi 17,000, koma pa zaka zomwe kudadzaza kwambiri, odzaonerera ankafika mpaka 80,000, kuwonjezera pa anthu pafupifupi 5,000 oyenda pamdipiti. Chiwerengero chimenechi n'chokwanira kudzaza bwalo la Bingu ku Lilongwe pafupifupi kawiri, koma chonsecho chimathinana m'timisewu takale tomwe tidamangidwa kuli ngolo ndi akavalo.

Apa ndiye pagona mkangano. Eni tauni amati mwambowu ndi wawo ndipo sadaukonzere anthu odzaonerera. Alendo amati msewu ndi wa aliyense. Apolisi, omwe ali pakati, amangoganiza za momwe angatulutsire munthu wokomoka pakati pa chinamtindi chotere. Aliyense mwa atatuwa ali ndi mfundo yomveka, n'chifukwa chake nkhaniyi siitha.

Gwero la motowu

Usiku wa pa 4 kulowa pa 5 Novembala 1605, asilikali adagwira Guy Fawkes m'chipinda chapansi pa Nyumba ya Malamulo ku London akulondera migolo 36 ya onga. Iye adali m'gulu la Akatolika lotsogozedwa ndi Robert Catesby, lomwe lidakonza zophulitsa nyumbayo pa tsiku lotsegulira zokambirana kuti liphe Mfumu James I pamodzi ndi nduna zake. Chiwembucho chitalephereka, Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo loti pa 5 Novembala chaka chilichonse anthu azithokoza Mulungu kuti mfumu idapulumuka. Lamuloli lidathetsedwa mu 1859, koma mwambo wosonkha moto ndi kutentha chidole cha Fawkes udapitirira m'dziko lonse la Britain.

Ku Lewes kuli chinanso chomwe amakumbukira. Pakati pa 1555 ndi 1557, mu ulamuliro wa Mfumukazi Mary I yemwe adali Mkatolika, Apulotesitanti 17 adawotchedwa amoyo pamsewu waukulu wa tauniyi, kutsogolo kwa nyumba ya alendo yomwe lero ndi holo ya tauni. Woyamba adali Dirick Carver, wofulula mowa wa ku Brighton, pa 22 Julayi 1555. Pa 22 Juni 1557 anthu khumi adawotchedwa tsiku limodzi. Mitanda 17 yoyaka yomwe imanyamulidwa usikuwo ikuimira anthu amenewa, ndipo paphiri la Cliffe pali chipilala chowakumbukira chomwe chidaimikidwa mu 1901.

Kalelo usiku wa pa 5 Novembala udali wa zipolowe. Anyamata odzibisa nkhope ankakunkhuniza migolo yoyaka m'misewu ndi kusonkha moto pafupi ndi nyumba za akuluakulu omwe ankadana nawo. Mu 1847 boma lidachita kuitanitsa apolisi kuchokera ku London, ndipo chilengezo cha lamulo lobalalitsa anthu chidawerengedwa pakhomo la nyumba ya boma la chigawo. Mmalo mosiya, anyamatawo adasankha kudzilamulira okha. Mu 1853 adakhazikitsa magulu awiri oyamba, la Cliffe ndi lomwe lero likutchedwa Lewes Borough. Gulu la Commercial Square lidabwera mu 1855. Lero magulu alipo asanu ndi awiri: atatu amenewa, komanso South Street, Waterloo, Southover ndi Nevill Juvenile. Asanu ndi limodzi amachita mwambo wawo pa 5 Novembala, pomwe la Nevill, lomwe limaika ana patsogolo, limachita lisanafike tsikulo. Tsikuli likagwa Lamulungu, mwambo umachitika Loweruka pa 4.

Mbiri imeneyi ikufotokoza mtima wa eni mwambo. Kuyambira kale akhala akulimbana ndi aliyense wofuna kuwauza zochita, kaya ndi boma, apolisi kapena olemba nyuzi. Anthu a ku Sussex ali ndi mawu awo akale onena kuti iwo sakusidwa ngati ziweto, ndipo magulu a moto amawanyadira mawuwo. Munthu akawauza kuti asinthe mwambo pofuna kukomera alendo, iwo amamva ngati ndi nkhondo yomwe ija ya 1847.

Mwambo wa eni, osati chionetsero

Chomwe alendo ambiri sadziwa n'chakuti usikuwu sukonzedwa ndi khonsolo kapena kampani yokopa alendo. Gulu lililonse limadziyendetsa lokha, lili ndi dera lake m'tauni, njira yake yoyendamo, malo ake osonkherapo moto ndi nyumba yake yomwera mowa yomwe ili ngati likulu. Mamembala amalipira ndalama ya umembala, ndipo chaka chonse amapeza ndalama pogulitsa zinthu ndi kukonza zisangalalo zing'onozing'ono. Miuni zikwizikwi imakonzedwa pamanja kwa masabata ambiri. Zovala, zina zodula kwambiri, aliyense amadzisokera kapena kudzigulira yekha. Pali mabanja omwe agogo, makolo ndi adzukulu onse amayenda m'gulu limodzi, ndipo makanda amalembetsedwa umembala asanayambe n'kuyenda komwe.

Mu Novembala ku England kumada cha m'ma 4 koloko madzulo, choncho midipiti imayamba kutada kale n'kupitirira mpaka pakati pa usiku. Ambiri amavala majuzi a mizeremizere okumbutsa ozembetsa katundu a m'mbali mwa nyanja akale, gulu lililonse ndi mitundu yake. Mgolo woyaka umaponyedwa mumtsinje wa Ouse kuchokera pamlatho wa Cliffe. Pachipilala chokumbukira asilikali omwe adafa pankhondo ziwiri zikuluzikulu, gulu lililonse limaima, kusiya nkhata za maluwa ndi kukhala chete. Pamapeto pake gulu lililonse limapita kumalo ake kunja kwa tauni komwe amatentha chidole cha Fawkes ndi kuphulitsa zidole zikuluzikulu za anthu otchuka omwe adawanyansa chakacho. Osama bin Laden, Vladimir Putin, David Cameron ndi Donald Trump onse adaphulitsidwapo m'zidole ku Lewes.

Kwa membala wa gulu, uwu ndi usiku wokumbukira akufa, wokumana ndi abale omwe adasamukira kutali, ndi wokolola thukuta la chaka chonse. Kwa mnyamata yemwe waona kanema pa TikTok kapena Instagram, ndi phwando laulere la moto ndi mowa. Anthu awiriwa amaima pamsewu umodzi koma sadabwerere chinthu chimodzi.

Zomwe eni tauni amadandaula

Dandaulo loyamba ndi la malo. Munthu yemwe wakhala ku Lewes moyo wake wonse amalephera kuona mdzukulu wake akudutsa ndi muuni chifukwa kutsogolo kwake kwaima mizere ya anthu omwe afika masana okha. Okalamba ndi olumala ambiri amangokhala m'nyumba. Ena amanyamula agalu ndi amphaka awo n'kukagona kwa abale kutali ndi phokoso.

Lachiwiri ndi la khalidwe. Zimbudzi za m'tauni ya anthu 17,000 sizingakwanire khamu lotere, ndipo okhala m'timisewu tam'mbali amadzuka mmawa n'kupeza makomo awo atasanduka zimbudzi. Eni masitolo a mumsewu waukulu amakhomerera matabwa pamagalasi awo tsikulo lisanafike. Oledzera amalowerera pakati pa mdipiti kuti adzijambule, ena amatola miuni yotayidwa ili chiyakire n'kumaizunguza pakati pa anthu, ena amabwebweta pa nthawi yokhala chete pachipilala cha asilikali. Kwa eni mwambo, chomalizachi ndi mwano wosaneneka.

Lachitatu ndi la ndalama. Khamu likakula, magulu amafunika oyang'anira anthu ochuluka, mipanda yochuluka ndi inshuwalansi yokwera mtengo. Mlendo yemwe waonerera mumsewu salipira kanthu, kupatula ngati waponya kenakake m'zidebe zomwe magulu amayenda nazo posonkhetsa thandizo la ntchito zachifundo. Matikiti amagulitsidwa olowera kumalo osonkherapo moto okha. Choncho amene adasoka zovala, kukonza miuni ndi kulipira umembala ndi yemwenso amasenza mtolo wobwera ndi alendo. Ndipo ngozi ikachitika, dzina lomwe limaipa m'nyuzi ndi la magulu, osati la mlendo yemwe adakwera sitima n'kubwerera kwawo.

Chomwe apolisi amaopa

Lewes idamangidwa pamalo pomwe mtsinje wa Ouse udang'amba mapiri a South Downs. Msewu waukulu umatsika chitunda chotsetsereka cha School Hill, n'kuwoloka mtsinje pamlatho wopapatiza wa Cliffe. M'mbali mwake muli tinjira toning'a ta pakati pa nyumba, tina toti anthu awiri sangayende mogundana mapewa. Pachipilala cha asilikali, pomwe aliyense amafuna kuima, ndi pamphambano pomwe misewu ingapo imakumana.

Akatswiri a kayendedwe ka makamu amati anthu akafika asanu kapena kupitirira pa sikweya mita imodzi, munthu sayendanso mwa kufuna kwake. Khamu limamukankha ngati madzi osefukira, ndipo akagwa mmodzi, ena amagwera pamwamba pake. Ambiri omwe amafa pa ngozi zotere amafa chifukwa chobanika chifuwa chitapanikizika. Dziko la Britain silidaiwale za pabwalo la mpira la Hillsborough mu 1989 pomwe ngozi yotere idapha anthu 97. Pa 29 Okutobala 2022 anthu 159 adafa pothinana m'kanjira kotsetsereka ku Itaewon, mumzinda wa Seoul. Kuno kwathu tikukumbukira pa 6 Julayi 2017 pomwe anthu asanu ndi atatu, ambiri mwa iwo ana, adafa popanikizana pachipata cha bwalo la Bingu. Ku Lewes zonsezi zimawonjezeredwa ndi mdima, utsi, mowa, moto woyaka m'manja mwa anthu ndi tizophulika tomwe alimi amaopsezera mbalame m'minda, tomwe ena amaponya pansi pakati pa khamu. Madokotala a maso ku Brighton adadandaulapo za anthu ovulala m'maso ndi tizophulika timeneti. Chaka ndi chaka pamakhala ovulala ndi omangidwa.

Vuto lina n'lakuti palibe munthu mmodzi yemwe angati ndiye mwini chochitikacho. Pa mpira kapena pa konsati pamakhala chipata, tikiti ndi chiwerengero chomwe akafika amatseka. Ku Lewes kuli magulu asanu ndi limodzi, lililonse ndi mdipiti wake, oyenda m'misewu ya boma yomwe ilibe chipata. Khonsolo ya magulu a moto imathandiza kugwirizanitsa nthawi ndi njira, koma ilibe mphamvu yobweza munthu. Popeza sangawerenge anthu pakhomo, akuluakulu adasankha kuchepetsa njira zofikira pakhomopo.

Kutseka khomo kuli ndi mtengo wake

Lewes ili pamtunda wa makilomita osapitirira 15 kuchokera mumzinda wa Brighton, ndipo sitima yochokera ku London imatenga pafupifupi ola limodzi. Kale sitima ndi zomwe zinkatula makamu. M'zaka zaposachedwa, popemphedwa ndi apolisi ndi makhonsolo, kampani ya sitima ya Southern imaleka kuima ku Lewes kuyambira masana kapena chakumadzulo mpaka mmawa wa tsiku lotsatira. Imalekanso kuima pa masiteshoni oyandikana a Falmer, Cooksbridge, Glynde ndi Southease, kuti anthu asatsikire pamenepo n'kumaliza ulendo pansi. Misewu ikuluikulu yolowera m'tauni imatsekedwa, ndipo magalimoto saloledwa kuimikidwa m'misewu yambiri.

Njira imeneyi idachepetsa khamu, koma idabweretsa mkangano watsopano, tsopano pakati pa eni dera okhaokha. Munthu wokhala ku Lewes koma wogwira ntchito ku Brighton kapena ku London ayenera kuweruka msanga kapena kugona komweko. Siteshoni ya Falmer imatumikira ophunzira ndi ogwira ntchito a mayunivesite a Sussex ndi Brighton, omwe ambiri alibe chochita ndi moto wa ku Lewes. Anthu a m'midzi ya Glynde ndi Cooksbridge, omwe Lewes ndiyo boma lawo, msika wawo ndi sukulu ya ana awo, amapezeka atsekeredwa kunja pamodzi ndi alendo a ku London. Ngakhale mamembala a magulu omwe adasamukira m'matauni ena chifukwa cha kukwera mtengo kwa nyumba amavutika kufika ndi kubwerera.

Amalonda nawo ndi ogawanika. Malo omwera mowa, nyumba za alendo ndi ogulitsa zakudya amapeza phindu, ndipo mbiri ya usikuwo imakopa alendo chaka chonse. Koma walira mvula walira matope: ogulitsa zinthu zina amatseka msanga, amagula matabwa otchinga magalasi, ndipo mmawa mwake amayamba ndi kusesa. Palinso chodabwitsa chomwe akuluakulu sangachipewe. Uthenga woti musabwere umaulutsidwa pa wailesi, pa kanema ndi m'nyuzi zikuluzikulu pamodzi ndi zithunzi za mitanda yoyaka, ndipo kwa achinyamata ena chiletso choterocho chimamveka ngati chiitano. Ena amafika mmawa misewu isanatsekedwe, ena amayenda pansi makilomita angapo mumdima.

Mbali ya alendo

Alendo nawo ali ndi zonena. Choyamba, misewu ya Lewes imakonzedwa ndi misonkho ya onse, ndipo apolisi, ozimitsa moto ndi a maambulansi omwe amagwira ntchito usikuwo amalipidwa ndi anthu a chigawo chonse. Palibe lamulo loletsa munthu wa ku Brighton kuima pamsewu wa Lewes. Uthenga wa apolisi ndi pempho chabe. Chachiwiri, si mlendo aliyense yemwe ndi woledzera, ndipo si mwini tauni aliyense yemwe ndi wodziletsa. Kuloza chala alendo pa vuto lililonse n'kosavuta, chifukwa mlendo ndi mame, pofika mmawa wakamuka ndipo sangadziyankhire.

Chachitatu n'chakuti mwambo wochitikira poyera sungaletse anthu kuufunsa mafunso. Gulu la Cliffe limanyamulabe chikwangwani chokana ulamuliro wa Papa, ndipo limatentha chidole cha Papa Paul V, yemwe adali pampando mu 1605. Mamembala amati uku n'kukumbukira mbiri chabe, osati kudana ndi Akatolika a lero, ndipo amakonda kupereka chitsanzo cha Ian Paisley, mbusa ndi wandale wa ku Northern Ireland, yemwe adabwera ku Lewes mu 1981 kudzakolezera chidani pa Akatolika. Eni tauni adamukana, ndipo chaka chotsatira chidole chake ndicho chidatenthedwa. Komabe Mkatolika wongofika kumene, poona chidole cha Papa chikukokedwa mumsewu, sangalephere kumva kuwawa mumtima.

Nkhani ina idakhudza ife a kummwera kwa Africa. Kwa zaka zambiri mamembala ena a gulu la Lewes Borough ankavala ngati ankhondo achizulu atadzipaka utoto wakuda kumaso. Anthu ambiri, a m'tauni momwemo ndi akunja, adadandaula kuti uku n'kunyoza anthu akuda, koma gululo lidaumirira kuti ndi mwambo wolemekeza Azulu. Mu 2017 Thanda Gumede, woimba wa ku South Africa yemwe ankatsogolera gulu la magule achizulu ku England ndipo adaitanidwa kudzavina nawo, adauza gululo kuti utoto wakudawo ndi zokongoletsa zina monga zigaza sizichizulu ndipo n'zonyazitsa. Gululo lidavomera kusiya kudzipaka utotowo. Apa mwambi uja woti mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa udapherezera. Koma taonani kuti yemwe adamvedwa ndi mlendo yemwe adalowa m'bwalo, kukhala pansi ndi eni ake n'kukambirana nawo, pomwe ofuula ali patali sadaphule kanthu.

Kodi mwini tauni ndani?

Funsoli ndi lovuta kuposa momwe limamvekera. Lewes ndi tauni yokongola, yapafupi ndi London, ndipo anthu opeza bwino akhala akugula nyumba kumeneko. Eni nthaka ali ndi dzina lowasereula nalo, lotanthauza kuti otsika kuchokera ku London. Ena mwa obwerawa ndi omwe amadandaula za phokoso ndi utsi, pomwe ena amalowa m'magulu n'kukhala akhama kuposa obadwira momwemo. Mbali inayi, ana a mabanja akale a m'magulu akusamukira m'matauni otsika mtengo a m'mbali mwa nyanja. Ndiye mwini mwambo ndani: wokhala mumsewu waukulu yemwe adafika zaka zitatu zapitazo, kapena wokhala kutali yemwe agogo ake adanyamula muuni womwewo? Ngakhale ena mwa anthu 17 omwe amakumbukiridwa aja sadali a ku Lewes. Carver adali wa ku Brighton, ndipo Richard Woodman, mmodzi mwa khumi a mu 1557, adali wosula zitsulo wa m'mudzi wa Warbleton.

Zoona zake n'zakuti Lewes sikana alendo onse. Usiku womwewo magulu 25 mpaka 30 a m'matauni ndi midzi ina ya Sussex amabwera kudzayenda nawo pamdipiti, ndipo amalandiridwa ndi manja awiri. Kuyambira Sepitembala mpaka kumapeto kwa Novembala, pafupifupi Loweruka lililonse kumakhala usiku wa moto kwinakwake m'chigawochi, monga ku Uckfield, Hastings, Battle ndi Rye, ndipo magulu a ku Lewes amapita kukabwezera ulendo. Mlendo wotere amadziwa malamulo, amabwera ndi miuni yake ndipo naye adzalandira anzake kwawo. Mzere weniweni suli pakati pa wobadwira ndi wobwera ayi. Uli pakati pa wosenza nawo mtolo ndi wongodzadya ndi maso.

Tauni ina yaing'ono, Ottery St Mary m'chigawo cha Devon, idaika mzerewu poyera. Kumeneko pa 5 Novembala ana, amayi ndi abambo amathamanga m'misewu atasenza pamapewa migolo ya phula ili chiyakire, ndipo anthu zikwizikwi amadzaonerera. Aliyense atha kuonerera, koma osenza mgolo ndi okhawo obadwira m'tauniyo kapena omwe akhalamo nthawi yaitali. Nakonso mtengo wa inshuwalansi ndi kuchuluka kwa khamu ndi mutu waukulu kwa okonza mwambo, ndipo zikwangwani zimachenjeza aliyense kuti wabwera mwa kufuna kwake ndipo adzisamale yekha.

Njira yapakati

Pali njira zitatu zomwe zimatchulidwa kawirikawiri, ndipo iliyonse ili ndi choluza. Yoyamba n'kusamutsira zonse kubwalo lalikulu kunja kwa tauni, komwe kungakhale chipata ndi matikiti. Kungakhale kotetezeka, koma mwambo ungafe, chifukwa tanthauzo lake lili m'misewu momwemo: pomwe anthu 17 adawotchedwera, pamlatho, pachipilala cha asilikali. Magulu adavomera kale mu 1906 kuchotsa zimoto m'misewu n'kuzipititsa kunja kwa tauni, ndipo saonetsa chidwi chogonjanso. Yachiwiri n'kutsegula zonse, kuwonjezera sitima ndi kulola aliyense. Imeneyi ndi yomwe apolisi amati ingadzathere m'maliro. Yachitatu ndi yomwe ilipo lero: kusaletsa mwalamulo koma kuvutitsa ulendo, kulimbikitsa anthu kupita ku moto wa kwawo kapena kuonerera pa intaneti. Ndi njira yosakondweretsa aliyense mokwanira, koma ndiyo yalola mwambowu kupitirira m'misewu yake. Mu 2020 mwambo udalephereka chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo chaka chotsatira magulu adabwereranso m'misewu.

Phunziro la ku Lewes n'lakuti mwambo ukatchuka, kutchukako kumasanduka katundu yemwe eni ake sadamupemphe. Foni iliyonse yomwe yajambula mitanda yoyaka imaitana anthu ena zana, koma mlatho wa Cliffe sukula. Eni tauni sangatseke msewu wa boma ngati khomo la nyumba yawo, ndipo sangayembekezere kuti zomwe achita poyera zisafunsidwe. Alendo nawo ayenera kuzindikira kuti ufulu woima pamsewu suwapatsa umwini wa zomwe zikudutsa pamsewupo.

Kwa Mmalawi wokhala ku Britain yemwe angafune kuona mwambowu, nzeru ndi yomwe apolisi ndi magulu ambiri amapereka: pitani ku umodzi mwa mausiku a moto a m'matauni ena a Sussex, komwe miuni, zovala ndi ng'oma n'zomwezo koma malo opumira alipo. Ndipo ngati mwaitanidwa ndi mnzanu wa ku Lewes, fikani msanga, valani zovala zakale zosagwira moto msanga, musatenge ana aang'ono, musatole muuni wotayidwa, ponyani kenakake m'chidebe, ndipo ng'oma zikaleka pachipilala cha asilikali, khalani chete pamodzi ndi eni ake.